Musanatenge Galu wa Beagle Wosowa Mwini, Yambani Mwaganiza Bwino

M'mwezi wa Julayi chaka cha 2022, woweruza milandu m'chigawo cha Virginia ku America adavomereza kuti agalu pafupifupi 4,000 achotsedwe pa malo ena oweterapo agalu m'dera la Cumberland. Agalu onsewo adali a mtundu umodzi wotchedwa beagle, ndipo kampani ya Envigo inkawaweta kuti aziswana n'kumawagulitsa ku malabotale oyeserako mankhwala. Oyendera a boma adapeza kuti pa malopo padafa tiana ta agalu toposa 300 m'miyezi 7 yokha ya chaka cha 2021, kuti m'zakudya mudali mphutsi, ndiponso kuti agalu ena oyamwitsa ankamanidwa chakudya. Bungwe la Humane Society of the United States ndilo lidasenza ntchito yosamutsa agaluwo, ndipo pa miyezi iwiri lidawagawira mabungwe oposa 100 osamala ziweto kuti awapezere mabanja. Mu 2024 kampaniyo idavomera mlandu, ndipo idayenera kulipira madola oposa 35 miliyoni.

Zithunzi za agaluwo zitatuluka m'manyuzipepala, anthu ambirimbiri adagwidwa chifundo ndipo adathamangira kukalembetsa kuti apatsidweko mmodzi. Chifundo chotere n'chabwino ndithu. Koma tsono chifundo chimabwera tsiku limodzi, pamene galu wa beagle amakhala ndi moyo zaka 12 mpaka 15. Munthu amene watenga galu chifukwa cha chithunzi chokha, pakapita milungu yochepa amapezeka akubweza galu uja kumene adamutenga, ndipo galu wobwezedwa amavutika koposa poyamba, popeza wataya kwawo kachiwiri. Pa chifukwa chimenechi, m'nkhani ino tifotokoza zimene munthu ayenera kudziwa ndi kukonza asanalandire galu wotereyu pakhomo pake, kuti galuyo apeze mtendere ndiponso kuti umoyo wa banja utetezedwe.

Kodi beagle ndi galu wotani?

Beagle ndi galu wa msinkhu waung'ono. Kutalika kwake, kuchokera pansi kufika pa phewa, ndi masentimita 33 mpaka 41, ndipo ambiri amalemera makilogalamu 9 mpaka 14. Ali ndi makutu aatali olendewera, ndipo ubweya wake kawirikawiri umakhala wa mitundu itatu: wakuda, wofiirira ndi woyera. Kwawo kwenikweni ndi ku England, kumene alenje adamuweta kwa zaka mazana angapo kuti azisaka akalulu. Agaluwa ankasaka m'gulu, alenje akuwatsatira pansi. Nsonga yoyera ya mchira inkathandiza mlenje kuona kumene galu ali m'maudzu aatali, ndipo kuuwa kwake kunkamuuza kuti fungo la kalulu lapezeka. Lamulo la mu 2004 lidaletsa kusaka akalulu a m'tchire ndi magulu a agalu ku England ndi ku Wales, koma lamulo silisintha chibadwa. Zinthu zinayi zimene alenje ankafuna zikadali m'magazi a beagle aliyense.

Choyamba ndi mphuno. Akatswiri amayerekeza kuti m'mphuno ya beagle muli timagawo tomvera fungo toposa 200 miliyoni, pamene munthu ali nato pafupifupi 5 kapena 6 miliyoni basi. Beagle akalondola fungo, makutu ake amakhala ngati atsekeka. Mungathe kumuitana mpaka mawu kusasa, iye osacheuka. Sikuti ndi mwano kapena kupusa ayi. Akuchita ntchito imene makolo ake adasankhidwira.

Chachiwiri ndi mawu. Galuyu amauwa, ndiponso amalira mokuwa ndi liwu lalitali lomveka kutali. Ku thengo liwu limeneli linkasangalatsa alenje, koma m'nyumba zogundana za mu mzinda wa London kapena Manchester limadanitsa munthu ndi anansi ake.

Chachitatu ndi kukonda gulu. Galu amene adawetedwa kuti azigona, kudya ndi kusaka pamodzi ndi anzake sapirira kukhala yekha. Akasiyidwa m'nyumba tsiku lonse amalira, amatafuna mipando ndi nsapato, ndipo amakanda zitseko.

Chachinayi ndi dyera. Beagle sadziwa kukhuta. Amagwetsa chitini cha zinyalala, amakwera pa tebulo, ndipo amalanda buledi m'manja mwa mwana.

Komabe galu ameneyu ndi wofatsa, wansangala ndi wokonda ana, ndipo n'chifukwa chake mabanja ambiri amamufuna. Kutchuka kwa Snoopy, galu wa m'zithunzi zoseketsa zimene Charles Schulz adayamba kujambula mu 1950, kudawonjezeranso chikoka chake. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wofuna kufatsa kwa beagle alandirenso mphuno yake, mawu ake ndi dyera lake.

Kodi agaluwa amasowa bwanji mwini?

Pali njira ziwiri zazikulu zimene beagle amafikira ku malo osungirako ziweto zosowa mwini, ndipo nkofunika kudziwa njira imene galu wanu wadzera.

Njira yoyamba ndi ya agalu amene adali kale pa banja. Wina adagula kagalu chifukwa cha nkhope yake yokongola, koma katakula n'kuyamba kuthawa ndi kuuwa, adalephera kukasunga. Ena amasiyidwa chifukwa mwini wake wamwalira, wadwala, ntchito yamuthera, kapena wasamukira m'nyumba imene eni ake salola ziweto. Ena amangotoledwa m'misewu atasochera polondola fungo. Agalu otere amadziwa moyo wa m'nyumba, koma nthawi zina amabwera ndi zizolowezi zoipa zimene adaphunzira kumene achokera.

Njira yachiwiri ndi ya agalu ochokera ku malabotale ndi ku malo owetera agalu a malabotale, monga aja a ku Virginia. Ofufuza za mankhwala amasankha beagle koposa agalu ena chifukwa ndi wamng'ono, saluma wamba, ndipo amalola kukhala m'gulu. Kunena zoona, kufatsa kwake komweko ndiko kudamuika m'khola la zitsulo. Nkhaniyi si yachilendo. Mu 1975 mtolankhani Mary Beith adaonetsa m'nyuzipepala ya Sunday People zithunzi za agalu a beagle akupumitsidwa utsi wa fodya mu labotale ina ku England, ndipo anthu a m'dzikomo adakwiya kwambiri. Mu 2014 chigawo cha Minnesota chidakhala choyamba ku America kukhazikitsa lamulo loti agalu ndi amphaka athanzi a m'malabotale olandira ndalama za boma aziyamba apezeredwa mabanja kafukufuku akatha, ndipo zigawo zina zidatsatira.

Dzifunseni mafunso awa musanapite

Banja lonse likhale pansi ndi kuyankha mafunso otsatirawa moona mtima. Ngati pali funso limodzi limene yankho lake ndi "ayi", ndi bwino kudikira.

1. Kodi pakhomo pamakhala munthu masana? Bungwe la RSPCA la ku Britain limalangiza kuti galu asasiyidwe yekha kupitirira maola 4. Ngati nonse mumachoka m'mawa n'kubwera madzulo, ndani adzamutulutse?

2. Kodi pali wina amene angathe kuyenda naye ola limodzi kapena kuposerapo tsiku lililonse, kaya kukuzizira kaya kukugwa mvula?

3. Kodi mpanda wanu ndi wolimba? Uyenera kukhala wautali mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo, wopanda mpata, ndiponso wozama pansi, chifukwa beagle akalephera kulumpha amakumba.

4. Ngati nyumba ndi ya lendi, kodi mwini wake wavomera? Nanga anansi adzapirira kuuwa?

5. Kodi thumba lanu lingathe kugula chakudya, katemera, mankhwala a njoka za m'mimba ndi a nkhupakupa, ndiponso kulipira dokotala wa ziweto galu akadwala mwadzidzidzi? Ndalama zotengera galu ndi zochepa poyerekeza ndi zomusamalira kwa zaka 10 kapena kuposerapo.

6. Kodi m'banjamo muli wina amene amabanika, kuyetsemula kapena kutuluka ziwengo akayandikira galu? Munthu wodwala mphumu ayambe wafunsa dokotala, ndiponso akacheze ndi galuyo kangapo asanabwere naye.

7. Kodi muli ndi akalulu oweta, nkhuku kapena mphaka? Kumbukirani ntchito imene beagle adabadwira.

Kumene mungamutenge ndi zimene muyenera kufunsa

Ku Britain ntchito yosunga agalu osowa mwini ndi yakale. Mary Tealby adayambitsa nyumba yotere ku London mu 1860, ndipo ndi imene lero ikudziwika ndi dzina loti Battersea. Bungwe la Dogs Trust lidayamba mu 1891. Ku America kuli bungwe la Beagle Freedom Project, limene lidayamba mu 2010 ndi cholinga chopezera mabanja agalu ochokera ku malabotale. Malo odalirika amadziwika ndi machitidwe ake. Amakufunsani mafunso ambiri, nthawi zina amabwera kudzaona nyumba ndi mpanda, amafuna kuti banja lonse likumane ndi galuyo, ndipo amakulembetsani pangano loti zinthu zikavuta mudzabweze galuyo kwa iwo osati kumugulitsa. Musakhumudwe ndi mafunso awo. Ndiwo umboni woti amasamala. Chenjerani ndi munthu wa pa intaneti amene akuti akupulumutsa agalu koma akufuna ndalama msanga, alibe mapepala a katemera, ndipo akufuna mukumane pa msewu.

Inunso funsani, popeza safunsa adadya phula. Galuyu ali ndi zaka zingati, ndipo adachokera kuti? Adalumako munthu kapena galu mnzake? Amatani akasiyidwa yekha? Amatani wina akayandikira mbale yake? Adakhalako ndi ana? Adazolowera kuchitira chimbudzi panja? Adalandira katemera uti, ndipo liti? Kodi adafulidwa, kapena ngati ndi wamkazi, adachitidwa opaleshoni yoletsa kubereka? Ali ndi matenda ofuna mankhwala a tsiku ndi tsiku? Pa mtundu umenewu pamapezeka kawirikawiri matenda a khunyu, a msana, a maso ndi a chithokomiro, motero ndi bwino kudziwiratu.

Dziwaninso malamulo a dziko limene mukukhala. Ku England, Scotland ndi Wales, kuyambira mu Epulo 2016 galu aliyense ayenera kukhala ndi kachipangizo kotchedwa microchip, kakang'ono ngati njere ya mpunga, kamene amakalowetsa pansi pa khungu la pakhosi. Kachipangizoka kamasunga nambala yolozera kwa mwini galu. Ku England wolephera kutsata lamuloli angathe kulipitsidwa mpaka mapaundi 500. Mukalandira galu, onetsetsani kuti dzina ndi keyala zasinthidwa kukhala zanu, pakuti kwa galu wokonda kuthawa, nambala imeneyi ndiyo njira yake yobwerera kwanu.

Masiku oyamba pakhomo

Konzani zonse galu asanafike: pogona pa malo a phee, mbale ziwiri, lamba wa m'khosi wolembedwa dzina ndi keyala yanu, ndi chingwe. Ikani pamwamba zakudya, mankhwala ndi poizoni wa makoswe, ndipo chitini cha zinyalala chikhale chotseka. Pitirizani kumupatsa chakudya chimene ankadya kumene wachokera; ngati mufuna kusintha, sakanizani chatsopano pang'onopang'ono kwa mlungu wathunthu kuti asatsegule m'mimba.

Tsiku lofika musaitane abale ndi anansi kuti adzaone mlendo. Mulekeni anunkhize nyumba yonse mwa iye yekha. Akabisala pansi pa tebulo musamukoke. Khalani pansi chapatali, muponyereni kachakudya, ndipo adzabwera nthawi yake ikakwana. Mudyetseni ndi kumutulutsa pa nthawi zofanana tsiku lililonse, chifukwa galu wamantha amakhazikika mtima akadziwa chimene chikubwera.

Pomuphunzitsa ukhondo, mutulutseni akangodzuka, akangodya, asanagone, ndiponso maola awiri alionse masana. Akachita chimbudzi panja muyamikireni pomwepo ndi mawu okoma ndi kachakudya. Akachita m'nyumba, pukutani bwino kuti fungo lisatsale, ndipo musamumenye. Galu womenyedwa saphunzira kuti walakwa malo. Amangophunzira kukuopani, ndipo amakabisala kuseri kwa mpando pochita chimbudzi.

Muyambenso msanga kumuzoloweza kukhala yekha. Tulukani mphindi 5, mubwerere mwakachetechete, mawa lake mphindi 10, ndi kumawonjezera motero. Musadikire tsiku lobwerera ku ntchito kuti ndiye mumusiye koyamba maola anayi athunthu.

Galu wochokera ku labotale amafuna kuleza mtima kwapadera. Ngakhale ali ndi zaka 5, pa zinthu za m'nyumba ali ngati khanda. Ambiri alibe dzina. Ali ndi nambala yodindidwa m'kati mwa khutu. Sadapondepo udzu, sadziwa masitepe, sadziwa chingwe, ndipo phokoso la wailesi kapena la galimoto limamunjenjemeretsa. Popeza moyo wake wonse wagona ndi kuchita chimbudzi pa malo amodzi, kuphunzira ukhondo kumatenga nthawi. Ambiri amabweranso ndi mano owonongeka. Ngozi yaikulu pa masiku oyamba ndi kuthawa: akadzidzimuka amathamanga osaona kumene akupita, ndipo sadziwa kuopa galimoto. Choncho mumangeni ndi malamba awiri, la m'khosi ndi la m'chifuwa, ndipo aliyense pakhomo aphunzire kutseka chitseko ndi geti. Mabungwe ambiri amakonda kupereka galu wotere ku banja limene lili kale ndi galu wina wodekha, chifukwa galu amaphunzira msanga poonera mnzake. Ena amamasuka pa milungu yochepa, ena pa miyezi yambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Umoyo wa galu ndi umoyo wa banja

Galu amagona m'nyumba, amanyambita manja a ana, ndipo amachita chimbudzi pa bwalo limene ana amasewerapo. Motero kusamala thupi lake n'kusamalanso banja lanu. Mlungu woyamba usanathe, pitani naye kwa dokotala wa ziweto kuti akamuyeze ndi kuona mapepala ake.

Katemera. Galu ayenera kutetezedwa ku matenda a parvo, amene amachititsa kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa magazi, ku matenda a distemper, ku matenda a chiwindi, ndi ku leptospirosis. Matenda otsirizawa amafala kudzera mu mkodzo wa makoswe ndi wa ziweto zodwala, ndipo amagwiranso anthu.

Chiwewe. Bungwe la World Health Organization limayerekeza kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Ambiri mwa iwo ndi ana osakwana zaka 15. Britain adathetsa chiwewe pakati pa agalu ake mu 1922, ndipo salola galu wochokera kunja kulowa wopanda katemera. Ku America zigawo zambiri zimalamula kuti galu aliyense abayidwe. M'Malawi muno chiwewe chikadalipo, ndipo n'chifukwa chake mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a zaziweto, lidabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre pa masiku 20 ogwira ntchito. Amene atenga galu wosowa mwini kuno kwathu, kaya ndi beagle kaya ndi galu wa kumudzi, chinthu choyamba chikhale katemera wa chiwewe. Munthu akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo. Zizindikiro za chiwewe zikayamba kuoneka, kuchira kumakhala kosatheka pafupifupi nthawi zonse.

Njoka za m'mimba. Pali njoka yotchedwa Toxocara imene mazira ake amatuluka m'chimbudzi cha galu. Mazirawo amayamba kukhala oopsa akakhala m'dothi milungu iwiri kapena inayi, ndipo amatha kukhala amoyo kwa nthawi yaitali. Mwana akasewera pa dothi limenelo n'kuika zala m'kamwa, tizilomboto timayenda m'thupi mwake kufika ku chiwindi, ku mapapo, ndipo nthawi zina ku diso, kumene tingathe kuwononga kuona. Njira zopewera ndi zitatu: chotsani chimbudzi cha galu tsiku lomwelo, mupatseni mankhwala a njoka miyezi itatu iliyonse kapena monga dokotala walangizira, ndipo ana asambe m'manja ndi sopo asanadye. Musaiwalenso mankhwala a utitiri ndi nkhupakupa.

Makutu. Makutu olendewera salola mpweya kulowa, motero m'kati mumakhala chinyontho ndipo tizilombo timaswana. Akwezeni kamodzi pa mlungu ndi kuyang'ana. Ngati mwafiira, mukununkha, kapena galu akupukusa mutu ndi kudzikanda, pitani kwa dokotala. Musalowetsemo kamtengo kapena thonje mwakuya, ndipo muwaumitse bwino mukamusambitsa.

Kunenepa. Uwu ndiwo mdani wamkulu wa beagle, ndipo galu wopulumutsidwa ali pa ngozi yoposa, chifukwa aliyense pakhomo amafuna kumupepesa ndi chakudya. Kunenepa kumalemetsa msana ndi malo olumikizira mafupa, ndipo kumafupikitsa moyo. Yezani chakudya chake ndi kumupatsa kawiri pa tsiku. Mukasisita m'mbali mwake muyenera kumva nthiti popanda kukanikiza, ndipo mukamuyang'ana kuchokera pamwamba chiuno chizioneka. Musamupatse chokoleti, mphesa zaziwisi kapena zouma, anyezi, mafupa ophika, ndi zotsekemera zokhala ndi xylitol, chifukwa zonsezi zingathe kumudwalitsa kwambiri ngakhale kumupha. Mankhwala a anthu opha ululu, monga ibuprofen, musamupatse konse popanda malangizo a dokotala wa ziweto.

Ana ndi kuluma. Ngakhale beagle ndi wofatsa, galu aliyense wamantha angathe kuluma. Mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ndi galu, ngakhale kwa mphindi imodzi. Phunzitsani ana kuti asamukhudze akamadya kapena akagona, asamukumbatire pakhosi, ndiponso asamukoke makutu. Galu asanalume amachenjeza: amayasamula, amanyambita milomo, amatembenuzira mutu kumbali, amapanira mchira pakati pa miyendo, kenaka amauma thupi ndi kulira chapakhosi. Musamulange chifukwa cha kulira chapakhosi kumeneku. Galu amene waletsedwa kuchenjeza, tsiku lina adzaluma osachenjeza.

Mphuno ipatseni ntchito

Mu 1984 unduna wa zaulimi ku America udayamba kugwiritsa ntchito agalu a beagle pa bwalo la ndege la Los Angeles kuti azinunkhiza katundu wa apaulendo. Gulu limeneli limatchedwa Beagle Brigade. Galu akamva fungo la zipatso kapena nyama zoletsedwa, zimene zingathe kulowetsa matenda a mbewu ndi a ziweto m'dziko, amakhala pansi pafupi ndi chikwamacho, ndipo mphotho yake ndi kachakudya. Ambiri mwa agalu amenewa amachokera ku malo osungirako agalu osowa mwini. Mphuno ndi dyera, zimene zidatopetsa mwini wake woyamba, ndizo zimamupezetsa ntchito.

Phunziro lake n'loti chibadwa cha beagle sichithetsedwa ndi ndodo, koma chimawongoleredwa. Poyenda naye musamukoke nthawi zonse; mulekeni anunkhize, chifukwa kununkhiza kumamutopetsa ndi kumukhazika mtima pansi monga momwe kuthamanga kumachitira. Mwazani gawo la chakudya chake m'maudzu kuti achifune yekha. Bisani kachakudya m'katoni kapena pansi pa chikho. Pomuphunzitsa kubwera akaitanidwa, yambirani m'nyumba, kenaka pa bwalo, kenaka kunja ali pa chingwe chachitali, ndipo nthawi iliyonse akabwera alandire mphotho, ngakhale atachedwa. Komabe dziwani kuti agalu ambiri a mtundu umenewu sayenera kumasulidwa pa malo opanda mpanda moyo wao wonse, makamaka pafupi ndi msewu kapena ndi ziweto za anthu ena.

Zinthu zikavuta

Mavuto ena amatha ndi nthawi, koma ena amafuna thandizo. Ngati galu akulira kosalekeza akasiyidwa, akudzivulaza, kapena wayamba kuopseza anthu, uzani msanga a ku malo amene mudamutenga ndiponso dokotala wa ziweto. Nthawi zina kusintha kwa khalidwe kumachokera ku ululu wa khutu, wa dzino kapena wa msana. Ngati mwayesa zonse koma zakanika, mubwezeni kumene mudamutenga monga mwa pangano, ndipo muwafotokozere zonse mosabisa kuti banja lotsatira lisankhidwe bwino. Musamutaye pa msewu, ndipo musamupereke kwa munthu amene simumudziwa.

Amene waona kuti sangathe kusunga galu kwa zaka zambiri angathandizebe m'njira zina. Mabungwe ambiri amafuna anthu osunga galu kwa milungu yochepa poyembekezera banja lokhazikika, ena oyenda ndi agalu, ndi ena opereka chakudya. Ku Lilongwe kuli bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, limene limasamala ziweto zosowa mwini ndi kuzipezera mabanja. Kunena kuti "sindingathe" nthawi ikadalipo n'kwabwino koposa kutenga galu n'kumubweza.

Kumbukirani izi:

1. Beagle amakhala zaka 12 mpaka 15. Werengani nthawi yanu, mpanda wanu ndi ndalama zanu musanamutenge.

2. Mutengeni ku malo odalirika, ndipo funsani mbiri yake yonse.

3. Pa masiku oyamba pakhale bata, nthawi zokhazikika ndi zitseko zotseka.

4. Katemera, mankhwala a njoka, kuchotsa chimbudzi ndi kusamba m'manja zimateteza galu ndi ana omwe.

5. Mwana wamng'ono asakhale yekha ndi galu.

6. Yezani chakudya, yang'anani makutu mlungu uliwonse, ndipo mphuno yake muipatse ntchito tsiku lililonse.